NKHALANGO ZA BOMA, MALO A NYAMA NDI MUNDA WANU

Mchikumbi aliyense woyenda m'chigwa cha Lilongwe m'mwezi wa Okutobala adziwa chimene maso ake aona. Minda iyambira pa msewu kukafika kumene maso alekeza, mapesi atenthedwa, ndipo kamvulumvulu anyamula dothi ndi kukalitaya kutali. Koma apa ndi apo pali kagulu ka mitengo yaitali yobiriwira, koima kokha pakati pa dziko loyera. Mlendo akafunsa kuti mitengo ija inapulumuka bwanji, ngakhale mwana amuyankha kuti paja ndi pamanda, ndipo pamanda nkhwangwa siilowa popanda mawu a mfumu.

Tayamba ndi manda kuti mudziwe kuti kupatula nkhalango si nzeru yobwera ndi alendo. Makolo athu anali nazo nkhalango zawo zopatulika. Ku Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, ndipo anthu akumeneko aisunga kufikira lero. Ku mapiri a Dzalanyama kuli Kaphirintiwa, kumene Achewa amati anthu oyamba anatsikira ndi kusiya mapazi awo pa thanthwe. Tsono Boma litayamba kuika malire pa mapiri ndi pa magwero a mitsinje, linachita pa dziko lonse chimene mafumu anali kuchita kale pa mudzi umodzi umodzi. M'nkhani ino tifuna kukufotokozerani malo amenewa, kumene ali, ntchito yake, ndi chifukwa chake nkhokwe yanu ya chimanga ndi chigafa chanu cha fodya zidalira pa iwo, ngakhale mukhale kutali nawo.

MITUNDU ITATU YA MALO OSUNGIDWA

Mtundu woyamba ndiwo nkhalango za Boma. Lamulo loyamba la nkhalango m'dziko muno linaikidwa m'chaka cha 1911. Phiri la Zomba linapatulidwa mu 1913, Dzalanyama mu 1922, ndipo phiri la Mulanje mu 1927. Lero nkhalango zotere zipitirira 70, ndipo zambiri zili pa mapiri ndi pa zitunda pamene mitsinje iyambira. Dzalanyama yokha ili ndi mahekitala pafupifupi 99,000, kutsata malire athu ndi Mozambique. Ku Viphya kuli nkhalango yochita kubzala ya Chikangawa, imene inafika mahekitala 53,000 a mitengo, makamaka paini.

Mtundu wachiwiri ndiwo malo osungirako nyama zakuthengo. Mapaki aakulu alipo asanu. Nyika, ku Mpoto, ndiyo inayamba mu 1965. Kasungu ndi Lengwe anatsatira mu 1970. Liwonde mu 1973. Ndipo paki ya Nyanja ya Malawi, ku Mangochi, mu 1980, yosungira makamaka nsomba za mbuna. Palinso malo ena anayi a nyama, ndiwo Nkhotakota, Majete, Vwaza ndi Mwabvi. M'malo amenewa munthu saloledwa kulima, kusaka, kapena kudula mtengo.

Mtundu wachitatu ndiwo umene ukukhudzani koposa, ndiwo nkhalango ya mudzi. Njira imeneyi inayamba ndi lamulo la 1926, m'masiku a Bwana J. B. Clements, amene anali mkulu wa za nkhalango. Mfumu ndi anthu ake apatula malo osayenera khasu, monga kaphiri ka miyala kapena mphepete mwa mtsinje, naleka mitengo kuti iphuke yokha. Mitengoyo si ya Boma ayi, ndi ya mudzi, ndipo wogawa ndi mfumu. Lamulo la nkhalango la 1997 linabwezeranso mphamvu njira imeneyi, nililola midzi kusankha makomiti oyang'anira zachilengedwe ndi kupangana ndi Boma za kasamalidwe ka nkhalango zoyandikana nayo.

CHIMENE NKHALANGO ICHITIRA MUNDA

Achikumbi ambiri aganiza kuti nkhalango ndi malo ogona, osabala kanthu. Tiyeni tione chimene chichitika mvula ikagwa. Pa phiri la mitengo, dontho liyamba lagunda masamba, mphamvu yake nkutha, kenaka ligwera pa zinyalala zowola zimene zimwa madzi ngati thonje. Mizu ya mombo, tsamba ndi muwanga yaboola nthaka, ndipo madzi atsata mizuyo kulowa pansi. Kumeneko akhala miyezi, nayenda pang'onopang'ono, nakatulukira pa kasupe, m'dambo, kapena m'chitsime chanu m'mwezi wa Seputembala, pamene kumwamba kulibe mtambo ndi umodzi womwe. Madzi amene muthirira nawo nazale ya fodya ndi ndiwo za kudimba ndi mvula ya Febuluwale imene nkhalango inakusungirani.

Pa phiri lometedwa zinthu ziyenda mwina. Dontho ligunda dothi lenileni, lilimwaza ndi kutseka timabowo take. Madzi alephera kulowa, asonkhana, nathamangira kumunsi tsiku lomwelo. Pofika m'munda mwanu ali ndi mphamvu yodula mizera, kukumba zigwembe, ndi kunyamula dothi lakuda pamodzi ndi feteleza amene munagula ndi ngongole. Mtsinje udzaza ndi madzi ofiira masiku awiri, ndipo pofika Ogasiti amayi akumba mumchenga kufuna madzi a mphika. Mvula ndi yomweyo, koma phiri loyamba laisunga, lachiwiri laitaya. Ndipo akulu anati madzi akatayika saoleka.

Taonani mtsinje wa Lilongwe. Uyambira ku Dzalanyama, monganso Diamphwe, ndipo udutsa m'minda ya chimanga ndi fodya kufikira utathira mu Linthipe ndi kukalowa m'nyanja ku Salima. Madamu awiri a ku Malingunde, amene mzinda wa Lilongwe umwako, alandira madzi a nkhalango yomweyo. Chimodzimodzi phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ili mamita 3,002, libala Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, ndipo mipopi ya m'midzi yambiri ya Mulanje ndi Phalombe itunga madzi ake popanda makina opopera. Dothi lochoka m'mapiri ometedwa a m'mbali mwa Shire likathera ku Nkula, kumene magetsi anayamba kupangidwa mu 1966. Matope akachuluka kumeneko makina afooka, ndipo chigayo cha kwanu chiima. Chotero munthu wodula mtengo pa gwero la mtsinje alanga anthu amene sadzawaona nkhope.

MADANDAULO A ACHIKUMBI

Sitifuna kubisa kuti malo amenewa abweretsanso zowawa, pakuti wokhala m'malire mwa nkhalango adziwa zimene wa m'tauni sadziwa.

Dandaulo loyamba ndi la malo. M'kalembera wa 1945 anthu a dziko lino anali ngati 2 miliyoni; mu 1966 anali 4 miliyoni; mu 2018 anapitirira 17 miliyoni. Dziko silinakule. Munda umene agogo analima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu khumi, ndipo mnyamata wofuna kukwatira ayang'ana tsidya la malire, naona nthaka yakuda yosalimidwa. Ena akumbukiranso kuti makolo awo anachotsedwa m'malo omwewo. Ku Kasungu anthu anasamutsidwa chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo malowo anasanduka nkhalango ya Boma mu 1922. Ku Nyika midzi inachotsedwa pamene paki inakulitsidwa mu 1978. Zimenezi ndi zoona, ndipo nkosayenera kuzipeputsa.

Koma funsani amene anatsegula munda pa phiri. Chaka choyamba chimanga chichita bwino, chifukwa chidya manyowa a masamba a zaka zambiri. Chaka chachitatu mapesi aonda. Chaka chachisanu patsala miyala, ndipo mwini munda akwera pamwamba kukatsegula pena, atasiya chigwembe cholunjika ku minda ya abale ake. Nthaka ya m'nkhalango zambiri za miombo ndi yosaya ndi yotsetsereka, ndicho chifukwa chake makolo anaisiya. Phiri silithetsa njala ya malo. Liichedwetsa zaka zowerengeka, kenaka liwonjezerapo njala ya madzi.

Dandaulo lachiwiri ndi la nyama. Njovu imodzi itha kutsiriza usiku umodzi munda umene banja lalima miyezi inayi. Mu 2022 njovu 263 zinatengedwa ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, ndipo m'zaka zotsatira midzi ya m'malire, kuno ndi ku Zambia komwe, inadandaula za minda yoonongeka ndi anthu ophedwa. Mchikumbi wotere sangauzidwe kuti angopirira. Chimene chaoneka ndi chakuti mpanda wolimba ndi wosamalidwa uchepetsa vutoli. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kugwira ntchito ndi Boma mu 2003, ndi ku Liwonde ndi Nkhotakota, kumene linayamba mu 2015, malire anamangidwa mpanda wa magetsi. Tsono wodula waya wa mpanda kuti atchere msampha atsegulira njovu njira ya ku munda wa mnansi wake. Nyama zikatuluka, uzani mfumu ndi alonda a paki msanga. Musazithamangitse nokha usiku, ndipo pa misonkhano ya m'dera lanu nenani poyera za mpanda ndi za gawo la midzi pa ndalama zimene alendo alipira.

Dandaulo lachitatu ndi la chikakamizo. Achikulire akumbukira malamulo a malimidwe a 1946 ndi zaka zotsatira, pamene munthu anali kulipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha mizera ndi milambala. Nzeru ya mizera yopingasa inali yabwino, koma chifukwa inadza ndi chikoti, anthu anaida pamodzi ndi oibweretsa. Phunziro lake ndi lakuti nkhalango yosungidwa ndi mantha okha ikhala masiku a mantha okhawo.

FODYA NDI MAKALA

Tinene tsopano za ife eni ake. Fodya ndi mbewu yodya mitengo. Wa chikopa afuna nkhuni zofukizira masiku ambiri. Wowamba m'balani afuna nkhuni zoposa pamenepo. Ndipo ngakhale wa Burley, amene auma ndi mphepo, afuna mphanda, mitanda, phaso ndi mikangala, zimene chiswe chidya ndipo ziyenera kubwezeredwa kawirikawiri. Kale mchikumbi wa ku Dowa, Kasungu kapena Mchinji anali kudula zimenezi kuseri kwa nyumba. Lero alipira ngolo kapena galimoto, ndipo mtengo wa mitengo udya phindu la fodya asanafike ku okushoni. Mukawerenga ndalama za chaka, lembani mitengo pamodzi ndi feteleza ndi aganyu, ndipo mudzaona kukula kwake.

Makala ndiwo mdani wachiwiri. Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno aphikira nkhuni kapena makala, ndipo mizinda ikula chaka ndi chaka. Uvuni wadothi utaya mbali yaikulu ya mtengo mu utsi, kotero kuti thumba limodzi lidya mitengo yolemera kangapo kuposa thumbalo. Wootcha alandira ndalama yochepa pa onse. Phindu lenileni lipita kwa wonyamula ndi wogulitsa m'tauni, koma chigwembe chitsala kumudzi. Ku Dzalanyama zinthu zinafika poti mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango. Lamulo la 1997 liletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 zilango zake zinakwezedwa. Komabe asilikali sangaime pa mtengo uliwonse.

MAPIRI AMENE ATICHENJEZA

Amene anaona Blantyre kale akumbukira phiri la Ndirande lili ndi mitengo. M'zaka za m'ma 1990 linametedwa m'nthawi yochepa, ndipo Soche anatsatira pang'onopang'ono, nyumba ndi minda zikukwera phiri. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa masiku angapo, ndipo matope ndi miyala zinatsika pa Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ndipo mazana ena sanapezeke. Mvula yotere ikanaononga ngakhale mitengo ikanakhalapo. Koma phiri lopanda mizu yogwira dothi, lokhala ndi nyumba m'njira za madzi, linakulitsa maliro.

Ku Mulanje kuli mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene sumera wokha pa phiri lina lililonse pa dziko lapansi. Matabwa ake anunkhira ndipo chiswe sichiwadya, ndipo ubwino womwewo ndiwo unauphetsa. Ofufuza atayenda phiri lonse mu 2017 anapeza mitengo yaikulu isanu ndi iwiri yokha. Midzi yozungulira phiri yafesa ndi kubzala mbande zambiri chiyambire pamenepo, koma mkungudza ukula mochedwa, ndipo amene abzala lero sadzacheka thabwa lake. Chimene macheka anatha m'zaka zochepa chidzafuna mibadwo kuti chibwerere.

ZIMENE NKHALANGO IPATSA WOISUNGA

Nkhalango yoima ili ndi zokolola zake. M'miombo mumera bowa nthawi ya dzinja, pamene ndiwo zisowa. Bowa ameneyu akhala pa mizu ya mitengo yamoyo, ndipo mitengo ikatha iyenso atha. Muli masuku, matowo, mankhwala, udzu wofolera, nsungwi ndi luzi. Muli mphalabungu ndi matondo. Muli maluwa a njuchi, ndipo mng'oma wopachikidwa pa mtengo ubala uchi chaka ndi chaka, pamene mtengo womwewo ukasanduka makala ugulitsidwa kamodzi kokha. M'nkhalango zina za Boma ndi m'mapaki ena, midzi yopangana ndi oyang'anira iloledwa kupachika ming'oma, kumweta udzu ndi kutola nkhuni zouma pa masiku oikika. Funsani kwa wa za nkhalango wa m'dera lanu kuti mudziwe pangano la kwanu.

ZOYENERA KUCHITA

Njira yoona yosungira nkhalango ya pa phiri ndiyo yakuti mudzi usakhale ndi chifukwa chokwerera phirilo ndi nkhwangwa. Nazi ntchito zimene mchikumbi aliyense angathe.

Choyamba, samalani zitsa. Mitengo yachilengedwe ili ndi mizu yamoyo pansi ngakhale thunthu linadulidwa kale. Pa chitsa chophuka sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, dulani zotsalazo, ndipo tetezani ku mbuzi ndi moto. Njira imeneyi siifuna mbewu, machubu kapena kuthirira, ndipo m'zaka zochepa mudzadula mikangala osapha mtengo.

Chachiwiri, wolima fodya aliyense akhale ndi munda wake wa mitengo. Fesani nazale mu Ogasiti kapena Seputembala, kumbani maenje mvula isanagwe, ndipo okani mu Disembala kapena Januwale nthaka itanyowa bwino. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma mbande yookedwa mochedwa siipirira chilimwe. Keshya ndi nsungwi zipatsa mitengo ya chigafa. Bulugamu akula msanga, koma amwa madzi ambiri. Musamubzale pa kasupe, m'dambo kapena m'mbali mwa chimanga. Ena abzala mitengo m'mizere pamalo pa chigafa penipeni, kuti mitengo yamoyo ikhale mphanda zosafuna kubwezera. Ndipo kumbukirani kuti kubzala ndi tsiku limodzi, koma kupalira ndi kuteteza ndi zaka zitatu.

Chachitatu, lekani msangu m'munda wa chimanga. Mtengo umenewu uyoyola masamba nthawi ya mvula, kotero suphimba mbewu, ndipo masambawo asanduka manyowa. Achikumbi a m'mbali mwa nyanja adziwa kuti chimanga cha pansi pa msangu chisiyana ndi chinzake. Pobzala, talikitsani mamita 10.

Chachinayi, musalime kufika m'madzi. Siyani mpata m'mbali mwa mtsinje, ndipo mulekemo bango, mkuyu, katope ndi mbawa. Mzere umodzi wa chimanga umene mupindula pa gombe mudzaulipira ndi dimba lonse tsiku la chigumula.

Chachisanu, chenjerani ndi moto. Moto wa Okutobala, woyatsidwa ndi osaka mbewa kapena ofula njuchi, upha mphukira zonse za chaka. Limirani njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi mu Meyi kapena Juni, ndipo ngati kutentha kuli kofunika, tenthani nthawi yomweyo udzu usanaumitsitse, mamawa kapena madzulo, mfumu ndi wa za nkhalango akudziwa.

Chachisanu ndi chimodzi, inu mafumu, patulani nkhalango ya mudzi ngati mulibe. Yendani malire ake ndi anthu onse, amuna ndi akazi, pakuti amayi ndiwo adziwa mtunda wa ku nkhuni. Panganani poyera za masiku otola nkhuni, za wofuna mitengo ya nyumba, ndi za chindapusa cha wolakwa, ndipo lamulo likhale limodzi kwa mphwake wa mfumu ndi kwa mkamwini. Mutu umodzi susenza denga.

Abale achikumbi, mlonda wa Boma ali ndi maso awiri, koma mudzi uli ndi maso mazana. Mitengo ya pamanda yaima zaka zonsezi popanda waya, popanda mfuti ndi popanda malipiro, chifukwa mudzi wonse unavomerezana kuti pamenepo mpolemekezeka. Tapatsa ulemu umenewu malo ogona akufa athu. Gwero la mtsinje umene ana athu amwa liyeneranso ulemu womwewo. Mvula ya chaka chino isanagwe, pitani kwa mlangizi wanu, mufunse za mbewu ya mitengo ndi machubu, ndipo mupemphe mfumu iitanitse msonkhano wa nkhalango ya mudzi.